Funsani Tiyankhe: Chigawo cha Pakati chinayamba liti, ndipo malire ake anawalemba ndani?

Makalata angapo amene talandira mwezi uno akufunsa za Chigawo cha Pakati, ena za mapiri ndi mitsinje yake, ena za mbiri ya malire ake, ndipo tawasonkhanitsa pamodzi chifukwa mayankho ake akulowana. Mafunsowa tawafupikitsa pang'ono osasintha mfundo zake.

Ndimaphunzitsa Sitandade 6. Buku limanena kuti Malawi ali ndi zigawo zitatu, koma mwana wina atandifunsa kuti anagawa dzikoli ndani komanso liti, ndinasowa choyankha. Thandizeni.
*Mphunzitsi, Mponela*

Aphunzitsi, mwana ameneyo mumuyamikire, pakuti wafunsa funso limene akuluakulu ambiri sitinadzifunsepo. Chigawo cha Pakati si chinthu chakale monga mmene ambiri timaganizira. Mapiri ndi mitsinje yake ndi ya makedzana, mafumu ake ena ali ndi mbiri ya zaka mazana angapo, koma mzere umene umati "apa ndi Pakati, apo ndi Kumpoto" wangopitirira pang'ono zaka 100.

Britain atalengeza mu 1891 kuti dziko lino lili pansi pa chitetezo chake, Harry Johnston, amene anali mkulu woyamba wa boma la atsamunda, sanapeze zigawo ndipo sanayambe ndi zigawo. Anayamba ndi maboma, kutanthauza malinga a asilikali ndi maofesi okhometsera msonkho, ndipo ambiri mwa iwo anali kumwera ndi m'mbali mwa nyanja. Dera limene lero tikulitcha la Pakati linalowa mu ulamulirowo pang'onopang'ono, ndiponso mwa njira zosiyana. Nkhotakota analowa mwa pangano, pakuti Johnston anagwirizana ndi Jumbe wa kumeneko mu 1889. Kwina kunali nkhondo. Mwase wa ku Kasungu anagonjetsedwa kumapeto kwa 1895, Inkosi Gomani yoyamba inaphedwa ndi asilikali a atsamunda mu 1896, ndipo Angoni a Mpezeni, amene mphamvu yawo inkafika ku Mchinji, anagonjetsedwa mu 1898.

Zitatero, deralo linagawidwa m'maboma aakulu okhala ndi mayina amene lero aiwalika. Nkhotakota ndi Kasungu anali m'boma la Marimba. Lilongwe, Dedza, Dowa ndi Mchinji anali mu Central Angoniland, pamene Ntcheu ankalamulidwa pamodzi ndi Liwonde m'boma la Upper Shire. Dzina la Angoniland likutiphunzitsa kanthu: ngakhale kuti anthu ochuluka m'deralo anali Achewa, atsamunda analitcha dzina la anthu amene mikondo yawo anakumana nayo, osati la anthu amene ankalima minda yake.

Zigawo zinabwera mu 1921. Maboma anali atachuluka, misewu inali yovuta, ndipo sizinali zotheka kuti bwana DC aliyense azitumiza nkhani iliyonse ku Zomba n'kumadikira yankho. Choncho boma linaika mkulu woyang'anira maboma angapo pamodzi, ndipo dziko linagawidwa patatu: Kumpoto, Pakati ndi Kumwera. M'zaka za m'ma 1930, chuma cha dziko lonse lapansi chitagwa, boma linachepetsa zigawozo n'kutsala ziwiri pofuna kupulumutsa ndalama, moti kwa zaka zingapo Lilongwe ankawerengedwa ngati mbali ya Chigawo cha Kumpoto. Chigawo cha Pakati chinabwezeretsedwa nkhondo yachiwiri ya padziko lonse itatha. Dziko litalandira ufulu mu 1964 linapitiriza ndi zigawo zitatuzo, koma mayina ena anakonzedwa, moti Fort Manning anakhala Mchinji ndipo Kota Kota anakhala Nkhotakota. Salima ndi Ntchisi ndi maboma amene anapatulidwa mochedwa kuchokera kwa oyandikana nawo.

Lero chigawochi chili ndi maboma 9, omwe ndi Kasungu, Nkhotakota, Ntchisi, Dowa, Salima, Mchinji, Lilongwe, Dedza ndi Ntcheu. Kumpoto chimachita malire ndi Mzimba komanso Nkhata Bay, kumwera ndi Mangochi, Balaka ndi Neno, kummawa ndi nyanja ya Malawi, kumadzulo ndi Zambia, ndipo kumwera chakumadzulo ndi Mozambique. Pouza ana anu zimenezi, musaiwale kuwauza kuti mzere umene unaikidwa, n'kuchotsedwa, n'kubwezeretsedwanso m'zaka zosakwana 30 unali chida choyendetsera ntchito za boma basi.

Ndimapikula mbatatesi ndi kabichi ku Lizulu ndi ku Tsangano. Chimandidabwitsa n'chakuti ukangodumpha msewu akuti uli ku Mozambique, chonsecho anthu a mbali zonse ziwiri ndi apachibale ndipo amalankhula chimodzimodzi. Zinatheka bwanji kuti msewu ukhale malire a mayiko?
*Mayi wa bizinesi, Biwi, Lilongwe*

Mayi, kunena zoona msewu sunasankhidwe kukhala malire. Malire ndi msewu zinangokumana pa malo amodzi chifukwa zonse ziwiri zinkatsata chinthu chimodzi, ndicho msana wa mtunda pamene madzi a mvula amagawikana.

Pa 11 Juni 1891, Britain ndi Portugal anasainirana pangano logawana madera a kuno. Anthu amene analemba panganolo anali ku Ulaya, ndipo midzi ya kuno sankaidziwa. Chimene ankachidziwa pa mapu ndi nyanja, Shire ndi Zambezi, choncho anagwirizana kuti kumadzulo kwa Shire ndi nyanja malire adzatsata mzere wolekanitsa madzi: dera limene madzi ake amatsikira ku nyanja ya Malawi kapena ku Shire likhale la Britain, ndipo limene madzi ake amatsikira ku Zambezi mwa njira ina likhale la Portugal. Tsiku lina mvula ikakupezani pa Lizulu, mudzaone kumene madzi akulowera. A mbali ya kummawa amatsetsereka kulowera ku chigwa cha Bwanje ndi ku nyanja, kapena kummwera kudzera mu Rivirivi mpaka ku Shire, pamene a mbali ya kumadzulo amalowa m'mitsinje ya ku Angonia imene imakathira mu Zambezi kufupi ndi Tete.

Nanga msewu unapezekapo bwanji? Womanga msewu aliyense amakonda pa msana wa mtunda chifukwa palibe mitsinje yoti awoloke, ndiye kuti palibe milatho yambiri yoti amange, ndiponso madzi sakhalitsa pa msewupo. N'chifukwa chake msewu wa M1, kuchokera cha ku Dedza mpaka kufupi ndi Biriwiri, umayenda limodzi ndi malire kwa mtunda wautali, moti m'malo ena golosale ya kuno ndi golosale ya tsidya zimayang'anizana ngati nyumba za m'mudzi umodzi.

Vuto la malire oterewa ndi lakuti madzi amagawikana pamene anthu sagawikana. Mtunda wa pamwamba, wozizira ndi wa msipu wabwino, ndi umene Angoni a Maseko anaukonda, ndipo phiri la Domwe, limene lili pakatikati pa mbiri yawo, linatsala ku Mozambique pamene likulu la Gomani lili kuno ku Ntcheu. Ufumu umodzi unadulidwa pakati ngati mkate. Zomwezo zinachitika kumadzulo, kumene malire a Malawi ndi Zambia amatsata mzere wolekanitsa madzi opita ku nyanja ndi opita ku Luangwa, ndipo anadutsa pakati pa anthu a Mkanda ndi a Mpezeni. Mtandadza wa Dzalanyama nawo ndi malire a mtundu womwewo.

Chibale chimenechi chinaoneka poyera pa nthawi ya nkhondo ya ku Mozambique, imene inatha mu 1992. Dziko lino linasunga anthu othawa nkhondo oposa 1 miliyoni, ndipo ku Dedza ndi ku Ntcheu ambiri mwa iwo sanafikire m'misasa koma kwa amalume awo ndi kwa apongozi awo. Komabe, mayi, popeza mumachita malonda, kumbukirani kuti chibale sichichotsa lamulo. Tsidya la msewu ndi dziko lina lokhala ndi apolisi ake, ndalama yake ndi malamulo ake a katundu, ndipo katundu wochuluka ayenera kudzera pa zipata zovomerezeka monga cha pa Dedza kapena cha pa Biriwiri.

Ndinachoka ku Dedza m'mawa nditavala juzi ziwiri, koma pofika ku Golomoti thukuta linali kamukamu, chonsecho ndi boma limodzi. Kodi kusiyana kotereku kumachokera pati?
*Wophunzira wa Fomu 3, Linthipe*

Mwanawe, pa ulendo umenewo unatsika masitepe a chigawo chonse m'maola osakwana awiri, ndipo ukamvetsa ulendowo wamvetsa kapangidwe ka Chigawo cha Pakati.

Tauni ya Dedza ili pa mtunda wa mamita pafupifupi 1,600 kuchokera pa mlingo wa nyanja zikuluzikulu, ndipo phiri la Dedza limafika mamita 2,198, kuposa phiri lina lililonse m'chigawochi. Madzi a nyanja ya Malawi ali pa mamita pafupifupi 474 okha. Mpweya umazizira ndi madigiri pafupifupi 6 pa mamita 1,000 alionse amene munthu wakwera, choncho pakati pa Dedza ndi m'mphepete mwa nyanja pamakhala kusiyana kwa madigiri 6 kapena 7 ngakhale dzuwa likhale lomwelo. Msewu wokhotakhota wa Khwekhwerere umene unadzera umatsika pa khoma la chigwa chachikulu chimene chinang'ambika kummawa kwa Africa pamene nthaka inagawikana, mbali ina n'kutitimira. Nyanja yathu inadzaza pansi pa chigwa chimenecho. Nthakayo sinakhazikike mpaka lero, ndipo chivomezi chimene chinagwetsa nyumba ku Salima mu Malichi 1989 chinali umboni wake.

Sitepe ya pansi ndi chidikha cha m'mphepete mwa nyanja, kuyambira ku Dwangwa, kudzera ku Nkhotakota ndi Salima, mpaka ku Mtakataka ndi chigwa cha Bwanje. Kumeneku n'kotentha, ndipo nthaka yake ndi imene mitsinje yakhala ikukokolola kumtunda n'kudzaitula kumunsi. N'chifukwa chake kuli mpunga, nzimbe za ku Dwangwa, thonje la ku Salima ndi chinangwa. Koma chidikhachi sichofanana ponseponse. Nkhotakota amalandira mvula yochuluka kuposa Salima ndi Golomoti, chifukwa mphepo yochokera kumwera chakummawa imadutsa pamwamba pa madzi ambiri isanagunde mapiri a kuseri kwake.

Sitepe ya pakati ndi khoma lija, la zigwembe ndi miyala, losavuta kukokoloka. Si mwangozi kuti nkhalango zotetezedwa monga Thuma ndi nkhalango ya nyama ya Nkhotakota, yomwe ndi ya masikweya kilomita pafupifupi 1,800, zili pamenepa: makolo sanalimepo kwambiri chifukwa cha kutsetsereka kwake ndi kashembe, ndipo boma linapeza malowo alibe midzi yambiri.

Sitepe ya pamwamba ndiyo mtima wa chigawochi, chidikha chachikulu cha Lilongwe ndi Kasungu, chimene chili pa mamita a pakati pa 1,000 ndi 1,200. Munthu akaima pa phiri la Bunda kapena la Nkhoma amaona mtunda wathyathyathya mpaka pamene maso alekezera, mapiri a mwala umodzi atangoti njo apo ndi apo. Nthaka ya katondo ya ku Lilongwe, Dowa ndi Mchinji ndi imene yadyetsa dziko lino chimanga ndi mtedza, pamene ya mchenga ya ku Kasungu inakopa minda ikuluikulu ya fodya. Pamwamba pa chidikhachi pali mapiri a Dedza, Dowa, Ntchisi ndi mtandadza wa Kirk ku Ntcheu, kumene kuzizira kumalola mbatatesi, nyemba, kabichi ngakhalenso tirigu wa ku Tsangano.

Chimene ndikufuna uchisunge kwambiri ndi nkhani ya madambo. Popeza chidikha cha pamwamba n'chosatsetsereka, mitsinje yake simayamba ngati akasupe othamanga koma ngati madambo otambalala, amene amamwa madzi nthawi ya dzinja n'kumawatulutsa pang'onopang'ono m'chilimwe. Bua, amene amachokera ku Mchinji n'kulandira Rusa panjira, amayenda mwaulesi m'madambo kwa mtunda wautali asanagwere pa khoma lija n'kukathira m'nyanja kumpoto kwa Nkhotakota, ndipo ndi umodzi mwa mitsinje yochepa imene nsomba za mpasa zimakwerabe kukaswana. Dwangwa amachokera m'nkhalango ya Kasungu. Linthipe wa kwanuko amalandira Diamphwe ndi Lilongwe asanafike ku Salima. Mtsinje wa Lilongwe umachokera ku Dzalanyama, ndipo madamu awiri a Kamuzu pa Malingunde, amene amamwetsa mzinda wonse, amadalira nkhalango imeneyo. Ine zimandipweteka mtima kuona matumba a makala akutuluka ku Dzalanyama tsiku ndi tsiku kulowera mumzinda womwewo umene mipopi yake imadikira madzi a kumeneko, ndiponso kuona madambo akulimidwa mpaka m'mphepete mwenimweni mwa madzi.

Kodi n'zoona kuti Chigawo cha Pakati chatsala pang'ono kuposa cha Kumwera pa chiwerengero cha anthu? Tinatsutsana kuntchito.
*Kalaliki, Salima*

Bambo, amene ananena zimenezo sanalakwe. Kalembera wa 2018 anapeza anthu 17,563,749 m'dziko lonse, ndipo mwa iwo 7,750,629 anali Kumwera, 7,523,340 anali Pakati, pamene 2,289,780 anali Kumpoto. Kusiyana kwa Kumwera ndi Pakati kunali anthu 227,289 okha. Yerekezani ndi kalembera wa 1966, amene anapeza anthu 2,067,140 Kumwera ndi 1,474,952 Pakati. Nthawi imeneyo Kumwera kunali anthu oposa theka la dziko lonse, pamene Pakati panali anthu 36 kapena 37 pa 100 alionse, koma pofika 2018 Pakati panali pafupifupi 43 ndipo Kumwera 44. Zifukwa zazikulu ndi kusamuka kwa likulu, komanso minda ya fodya ya ku Kasungu, Mchinji ndi Dowa, imene kuyambira m'zaka za m'ma 1970 inakoka matenanti ambiri ochokera m'maboma opanikizana a kumwera. Pa kukula kwa malo, Pakati ndi pamene pali patsogolo kale, ndi masikweya kilomita 35,592 a mtunda.

Ndinabadwira kwa Kaluluma ku Kasungu ndipo kwathu timalankhula Chitumbuka. Mnzanga wina anandiuza kuti Chigawo cha Pakati ndi cha Achewa, ife ndife alendo. Ndakalamba ndikudziwa kuti kwathu ndi konkuno. Kodi mbiri ikuti chiyani?
*Gogo wopuma pantchito, Nkhamenya*

Agogo, simuli mlendo, ndipo mnzanuyo wasakaniza zinthu ziwiri zosiyana: mbiri ya Achewa, imene ndi yakale ndi yolemekezeka, ndi mzere wa chigawo, umene tafotokoza kale kuti ndi wa mu 1921.

N'zoona kuti dera lino ndi phata la mbiri ya Achewa. Kaphirintiwa, kumene mwambo umati anthu oyamba anaponda mwala ukadali wofewa, ali ku Dzalanyama, ndipo kachisi wa mvula wa Makewana anali ku Msinja m'munsi mwa mapiri omwewo. A Kalonga a fuko la Phiri anakhazikitsa likulu la ufumu wa Amaravi pa Mankhamba, pafupi ndi Mtakataka, ndipo anapeza a fuko la Banda ali kale m'dzikomo, akuyang'anira za mvula ndi nthaka. Koma ngakhale iwowo sanali oyamba, pakuti mwambo wa Achewa womwewo umakumbukira Akafula, anthu osaka nyama amene anawapeza. Zithunzi za m'mapanga a Chongoni ku Dedza, zimene bungwe la UNESCO linaziika pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse mu 2006, zili pa malo 127, ndipo zofiira zimatengedwa kuti ndi za osaka nyamawo pamene zoyera ndi za alimi a Chichewa, zokhudza chinamwali ndi Nyau. Pa thanthwe limodzi pali manja a mitundu iwiri.

Ufumu wa Amaravi sunafanane konse ndi chigawo cha lero. Unafika ku Zambezi, ku Luangwa ndi kuchigwa cha Shire, ndipo umboni wake ndi wakuti Kalonga Gawa Undi, amene Achewa a mayiko atatu amapita kukamulamba pa mwambo wa Kulamba mwezi wa Ogasiti, amakhala ku Mkaika m'boma la Katete ku Zambia. Ngati Achewa sanathere pa malire a chigawo, n'chifukwa chiyani tiganize kuti ena onse anathera kunja kwa malirewo?

Zaka za m'ma 1800 zinasakaniza anthu kwambiri. Salim bin Abdallah, Jumbe woyamba, anakhazikika ku Nkhotakota cha m'ma 1840 n'kusandutsa dokolo msika waukulu wa minyanga ya njovu ndi akapolo, ndipo David Livingstone anafikako mu 1861. Chisilamu cha ku Nkhotakota chinazika mizu nthawi imeneyo. Ayao anafika ku Salima ndi ku Dedza, ndipo mafumu monga Tambala, Maganga, Pemba ndi Kuluunda ndi a mbiri imeneyo. Angoni analowa m'magulu osiyanasiyana: a Maseko ku Ntcheu ndi ku Dedza, kumene kuli Gomani ndi Kachindamoto, a Chiwere ku Dowa, ndi a Mpezeni ku Mchinji, kumene kuli Zulu ndi Mlonyeni. Kumpoto kwa Nkhotakota, kwa Kafuzira, kuli Atonga. Ndipo kwanuko, kwa Kaluluma ndi kwa Simlemba, Chitumbuka ndi Chichewa zakhala zikukumana m'mabanja kuyambira atsamunda asanaike mzere pakati pa Kasungu ndi Mzimba.

Mamishoni ndi amene anathandiza kuti chigawochi chiyambe kudzimva ngati chinthu chimodzi. Amishoni a mpingo wa Dutch Reformed ochokera ku South Africa anayamba pa Mvera mu 1889, n'kudzatsegula Nkhoma mu 1896, ndipo sukulu ndi mipingo yawo zinafalikira pafupifupi m'dera lomwelo limene linadzakhala Chigawo cha Pakati, pamene a Livingstonia anali kumpoto ndi a Blantyre kumwera. Akatolika a White Fathers anatsegula Mua mu 1902. Masinodi atatu a CCAP anakhala ngati chithunzi cha zigawo zitatu, ndipo pambuyo pake ndale zinalimbitsa chithunzicho, makamaka Kamuzu Banda wa ku Kasungu atakhala mtsogoleri ndipo Chinyanja chitatchedwa Chichewa n'kukhala chilankhulo cha dziko mu 1968. Apa m'pamene panachokera maganizo a mnzanuyo. Achewa ndi ochuluka m'chigawochi, ndipo palibe akutsutsa zimenezo, koma kuchuluka si umwini wochotsa ena. Mudzi wanu ndi manda a makolo anu ndi akale kuposa mzere umene mnzanuyo akuutchula.

Kodi likulu linasamutsidwira ku Lilongwe chifukwa chakuti Kamuzu anali wa m'chigawo chomwechi? Ndipo ngati Lilongwe ndi likulu la chigawo, ofesi ya chigawoyo ili pati?
*Woyendetsa minibasi, Mchinji*

Achimwene, ndale zinalipo, ndipo kungakhale kubisa choonadi kunena kuti mtsogoleri wochokera ku Kasungu sanaone phindu lobweretsa likulu pakati pa anthu amene ankamutsatira kwambiri. Koma zifukwa zina zinali zomveka pazokha. Zomba anapanikizika m'munsi mwa phiri, wopanda malo okulira, ndipo ali kumwera kwenikweni kwa dziko lalitali ngati lamba. Chuma chonse cha nthawi ya atsamunda, njanji, mafakitale ndi minda ya tiyi, chinaunjikana ku Blantyre ndi madera ozungulira. Lilongwe anali pa chidikha chotambalala, cha chonde, pa mphambano ya misewu yopita kumpoto, kumwera, ku nyanja ndi ku Zambia.

Ndiponso Lilongwe sanali thengo pamene ankasankhidwa. Boma linakhazikitsidwa m'mbali mwa mtsinjewo kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, ndipo tauniyo inatenga dzina la mtsinje. Chimene chinaikuza ndi fodya wa chikopa. Kuyambira cha m'ma 1920, mzungu wina wotchedwa A. F. Barron, wa ku Mbabzi, anayamba kugawa mbewu kwa alimi a m'midzi n'kumagula fodya wawo, ndipo ulimiwo unafalikira mofulumira ku Lilongwe ndi ku Dowa kotero kuti mu 1926 boma linakhazikitsa bungwe la Native Tobacco Board kuti liziuyang'anira. Njanji inafika ku Salima mu 1935, ndipo mu 1947 Lilongwe anazindikiridwa kukhala tauni. Britain atakana kupereka ndalama zomangira likulu latsopano, Kamuzu anatenga ngongole ya marandi 8 miliyoni ku boma la tsankho la South Africa mu 1968, chinthu chimene mayiko ena a mu Africa anachidzudzula kwambiri. Bungwe la Capital City Development Corporation linamanga mzindawo, ndipo mu 1975 Lilongwe anakhala likulu. Njanji inafika mumzindawo mu 1979 ndi kwanu ku Mchinji mu 1980. Nyumba ya Malamulo inatsalira ku Zomba mpaka 1994, ndipo nyumba yake yatsopano ku Lilongwe inatsegulidwa mu 2010. Pa kalembera wa 2018 mzindawu unali ndi anthu 989,318.

Pa funso lanu lachiwiri, mungazungulire mzinda wonse koma simupeza boma la chigawo, chifukwa kulibe. M'nthawi ya chipani chimodzi kunali nduna za zigawo, zomwe zinali ndi mphamvu zambiri, koma lero chigawo chilibe khonsolo, chilibe bajeti, sichikhometsa msonkho ndipo palibe amene timamuvotera kuti achilamulire. Lamulo la maboma aang'ono la 1998 linapereka mphamvu ku makhonsolo a maboma, a matauni ndi a mizinda. Amene mumawamva akutchedwa magavanala a chigawo ndi a zipani, si a boma.

Maunduna nawo amagawa chigawochi monga mmene ntchito yawo ikufunira. A zamaphunziro anachigawa pawiri: Kasungu, Dowa, Ntchisi, Nkhotakota ndi Salima amayang'aniridwa kuchokera ku Kasungu, pamene Lilongwe, Mchinji, Dedza ndi Ntcheu amayang'aniridwa kuchokera ku Lilongwe. A zaulimi anachigawa patatu, ndipo kwa iwo Mchinji ali pansi pa Kasungu pamodzi ndi Dowa ndi Ntchisi, Salima ali pamodzi ndi Nkhotakota, pamene Dedza ndi Ntcheu ali pansi pa Lilongwe. Choncho inu a ku Mchinji, nkhani ya sukulu ya sekondale ya mwana wanu ikakula imakathera ku Lilongwe, ya alangizi a munda wanu imakathera ku Kasungu, ndipo ya msika, msewu wa m'mudzi kapena chitukuko cha dera lanu muyenera kuyambira nayo kwa khansala wanu ndi ku khonsolo ya pa Mchinji pomwepo.